Komiti ya Sukulu Yatitopetsa: Nanga pa Tsiku la Chisankho Tidzakhala Kuti?

Uthenga wa chisankho cha komiti ya sukulu subwera ndi chimkuzamawu ngati wa aphungu ndi makhansala. Umabwera ndi mwana wa Sitandade 3 amene wauzidwa pa asembule kuti akanene kunyumba, ndipo pofika pakhomo tsiku lake amakhala ataliyiwala. Mwayi ukakhalapo, a nyakwawa amalengeza pamaliro, kapena akatekisiti amawerenga pakati pa zolengeza zina Lamulungu, anthu maso ali kale kukhomo. Palibe wogawa zitenje, palibe galimoto yodzatenga anthu. Komatu amene amasankhidwa tsiku limenelo ndiwo amagwira ndalama za sukulu, ndiwo amanena ngati chaka chino kumangidwe chimbudzi kapena kupentedwe ofesi, ndiponso ndiwo amayenera kufunsa mphunzitsi akamajomba.

Si kuti makolo za sukulu alibe nazo ntchito. Khalani pang'ono pa mjigo m'mawa, kapena kuchigayo, kapena pamzere wa sikelo ya ana, mumva nokha. Wina akudandaula za njerwa zimene mudzi wonse udaumba zaka zitatu zapitazo: uvuni udaotchedwa bwinobwino, lero pamera udzu ndipo mbali ina idatha ndi ngolo za usiku. Wina akuti ndalama adasonkha koma lisiti sadaione. Wina akuwerenga zaka zimene wapampando wakhala pa udindo, kuyambira mwana wake woyamba ali Sitandade 1 mpaka pano mwanayo ali pabanja. Wina mtima ukumupweteka chifukwa mwana wake adabwezedwa kunyumba kaamba ka ndalama ya mlonda, tsiku lomwe anzake ankalemba mayeso.

Madandaulo amenewa ambiri ndi oona. Vuto lake n'lakuti amathera pa mjigo pomwepo. Likafika tsiku la msonkhano, pansi pa mtengo wa mango wa kusukulu pamakhala anthu owerengeka, ndipo komiti yakale imabwereranso pampando popanda woitsutsa.

Komitiyi idachokera kuti?

M'chaka cha 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Zidali zokondweretsa, koma makalasi, madesiki, zimbudzi ndi aphunzitsi sizidachuluke nawo limodzi. Ndipo kuthithikanaku kudalipo kale: ngakhale kalata ya Aepiskopi ya nyengo ya Lenti ya 1992 idadandaula za kudzadza kwa makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi ndi zipangizo zophunzirira. Zidaonekeratu kuti likulu la unduna ku Lilongwe silingathe kudziwa denga lililonse limene likudontha.

N'chifukwa chake mphamvu zidayamba kutsitsidwa. Mu 1998 kudabwera ndondomeko ya mphamvu ku anthu, imene idapereka sukulu za pulayimale m'manja mwa makhonsolo. Mu 2004 unduna udatulutsa ndondomeko yofotokoza mmene anthu a m'midzi angatengere mbali poyendetsa sukulu zawo. Lamulo la maphunziro la 2013 lidatsimikiza kuti maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere, komanso kuti mwana aliyense ayenera kupita kusukulu.

Pasukulu pamakhala magulu atatu amene anthu amawasokoneza. Komiti yoyendetsa sukulu, imene ambiri amangoti SMC, ndiyo imayang'anira chuma, katundu ndi chitukuko. PTA ndi bwalo la makolo ndi aphunzitsi, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kuitanitsa komitiyo kuti ifotokoze zimene yachita. Amayi a Mother Group amalondola atsikana kuti asasiye sukulu, ndi kubweza amene adasiya. Kusiyanitsa maguluwa n'kofunika, chifukwa m'malo ambiri PTA ndi SMC zidasanduka chinthu chimodzi, anthu ake okhalira limodzi pa bawo, moti palibenso wofunsa mnzake.

Ndalama zimayenda bwanji?

Apa ndi pamene pagona mkwiyo wambiri, choncho tiyeni tichedwepo.

Kuyambira cha mu 2010 boma lidayamba kutumiza ndalama ku akaunti ya sukulu iliyonse kudzera ku khonsolo, pansi pa pologalamu yotukula sukulu za pulayimale. Aphunzitsi amazitchula kuti SIG. Ndalamazi sizibwera kuti ahedi aone chochita nazo. Zimayenera kutsata pulani ya chitukuko cha sukulu, imene makolo, aphunzitsi, mafumu ndi ana omwe amayenera kukhalira pansi n'kugwirizana kuti chofunika msanga n'chiti. Gawo lina limapita ku zothandiza kuti ana aphunzire bwino, monga choko ndi makope. Gawo lina ku zothandiza kuti mwana aliyense afike ndi kukhalitsa pasukulu, kuphatikizapo ana amasiye ndi olumala. Gawo laling'ono ndi la kayendetsedwe ka sukulu. Potapa ndalama kubanki sasayina munthu mmodzi. Ena mwa osayina ndi anthu a m'mudzi amene mudawasankha inu nomwe.

Ndiye funso loyamba kwa komiti imene ikutuluka lisakhale lakuti ndalama mudadya bwanji. Limenelo aliyense amalikana, ndipo msonkhano umathera m'kutukwanizana. Funsani kuti pulani ya chaka chatha ili kuti, idalembedwa liti, ndipo padali ndani polemba. Kenaka funsani kuti ku akaunti kudalowa ndalama zingati ndi tsiku liti. Kubanki amapereka chikalata choonetsa zonse zolowa ndi zotuluka, ndipo chikalatacho sichinama. Mukachiyika pambali pa malisiti, ngakhale munthu amene adalekezera Sitandade 5 amatha kuona ngati matumba a simenti olembedwa papepala akufanana ndi khoma limene laima panja.

Palinso ndalama zina zimene sizidutsa kubanki, ndipo zimenezi ndizo zimasowa msanga. Ndi zimene makolo akhala akusonkha kwa zaka zambiri m'dzina la chitukuko, za mlonda, za mayeso a pa teremu, za nkhuni. Zobwereketsa bwalo kapena makalasi kwa ochita ukwati ndi misonkhano. Zogulitsa chimanga cha m'munda wa sukulu kapena mitengo ya bulugama. Zimalowa m'manja, zimatuluka m'manja. Ngati palibe buku lolembamo dzina la wopereka, tsiku ndi kuchuluka kwake, ngakhale msungichuma wokhulupirika bwanji sangathe kudziyeretsa anthu akayamba kumunena. Ndipo pa nkhani yobweza mwana kunyumba chifukwa kholo silidasonkhe, komiti ilibe poimira. Lamulo likuti mwana akhale m'kalasi. Ngongole ya kholo ikambidwe ndi kholo.

Zina si mlandu wa komiti

Chilungamo chimafuna kuti tinenenso mbali inayi. Anthu a m'komiti salipidwa. Amasiya minda yawo kukakhala pa misonkhano, amayenda pa njinga kupita ku TDC kukaonana ndi mlangizi wa zamaphunziro, a PEA, ndipo pobwera amapeza mudzi ukuwanena kuti adyako. Komiti silemba aphunzitsi ntchito ndipo siwasamutsa. Zimenezo n'za boma ndi khonsolo. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma kalasi ya ana opitirira 100 si yachilendo, makamaka m'Sitandade 1 ndi 2. Wapampando angadandaule, angalembe kalata, koma mphunzitsi sangamuumbe.

Ndalama za boma nazo kawirikawiri zimafika mochedwa, nthawi zina chaka cha sukulu chitapita kutali. Pamene zikufika, mitengo ya zinthu imakhala itasintha. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pulani imene idawerengera simenti ndi malata pa mtengo wakale idasanduka loto. M'maboma a kum'mwera, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adagwetsa makalasi ndi zimbudzi, ndipo sukulu zambiri zimene zidatsala zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Komiti imene idalandira sukulu yotere idayambira pansi penipeni.

Zonsezi n'zomveka. Chimene sichimveka ndi kukhala chete. Komiti imene ndalama zachedwa iyenera kuitana makolo n'kuwauza kuti zachedwa. Imene simenti yaikwerera iyenera kunena kuti tidafuna matumba akuti, takwanitsa akuti. Makolo ambiri amapirira umphawi wa sukulu yawo, poti umphawi amaudziwa kunyumba kwawo. Chimene chimawapsetsa mtima ndi kuitanidwa pokhapokha pakafunika mchenga.

Pitani mukaone kuseri kwa makalasi

Amayi, musanapite kukavota, yendani kaye pasukulupo, ndipo musayambire ku ofesi. Yambirani ku zimbudzi. Werengani maenje, muone amene ali ndi zitseko, muone ngati pali chidebe cha madzi ndi sopo kapena phulusa. Muone ngati za atsikana zatalikirana ndi za anyamata. Funsani ana kumene amapita mzere ukatalika pa buleki. Akuuzani za kumunda wa chimanga kapena kuseri kwa tchire.

Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsekulidwa chifukwa cha mliriwo. Malo amene ana mazanamazana amadyera phala limodzi, kumwa madzi pa mjigo umodzi ndi kugwiritsa ntchito maenje ochepa, matenda otsekula m'mimba safuna kuitanidwa kawiri. Mwana akawatenga kusukulu amakafika nawo kunyumba, kwa khanda ndi kwa agogo. Amene amagona m'chipatala kudikirira wodwalayo mukumudziwa.

Kwa mtsikana amene watha msinkhu, nkhani ya chimbudzi ndi nkhani yoti apitiriza sukulu kapena ayi. Akakhala kumwezi ndipo pasukulu palibe kachipinda kosinthira, kokhala ndi chitseko chotsekeka, madzi ndi potaya zogwiritsa ntchito, amangokhala kunyumba. Masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse akamaphatikizana, pofika mayeso a Sitandade 8 amakhala atatsalira kutali. Amayi a Mother Group amasoka mapadi, amalangiza, amayenda m'makomo. Koma simenti ya kachipinda kaja ili m'pulani, ndipo pulaniyo ili m'manja mwa komiti. Ngati pa bwalo lolemba pulani padakhala abambo okhaokha, musadabwe kuona kuti zigoli za mpira zidatsogola. Si nkhanza ayi. Mwana wamkazi sauza bambo ake zimenezi, ndiye bamboyo azidziwira kuti?

Chimodzimodzi ndi mtsikana amene adabereka. Ndondomeko yolola mtsikana wotere kubwerera kusukulu idakhazikitsidwa mu 1993, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Koma pepala lili ku Lilongwe. Amene amachititsa kuti mtsikanayo alandiridwe bwino kapena asekedwe mpaka athawenso ndi anthu a pasukulu pompo. Komanso mphunzitsi akachimwitsa mwana wasukulu, komiti yolimba imakanena kwa a PEA ndi kupolisi, pamene yofooka imathandiza kukambirana za mbuzi yolipira kuti nkhani ithere m'mudzi. Wopikisana aliyense afunsidwe poyera kuti zoterezi zitachitika adzachita chiyani.

Mmene chisankho chimatayikira

Ntchito ya sukulu yambiri imagwiridwa ndi amayi. Ndinu amene mumatunga madzi oumbira njerwa, mumasenza mchenga wa kudambo, mumadzuka usikusiku kukasonkha moto wa phala m'sukulu zimene zimalandira ufa kuchokera ku Mary's Meals, bungwe limene lidayamba ntchito yake kuno ku Malawi mu 2002. Koma likafika tsiku losankha, amayi amakhala pa mphasa kumbuyo, abambo pa mabenchi kutsogolo. Wina amaimirira n'kutchula dzina la wapampando wakale, wina n'kuvomereza, ndipo asanathe kupuma amamva kuti amene akugwirizana nazo akweze manja. A mfumu ali pomwepo akuyang'ana. Wapampandoyo mwina ndi mlamu wawo, mwina ndi amene adakubwerekani ngolo nthawi yokolola. Dzanja limakwera lokha.

Palibe choletsa makolo kupempha, msonkhano usanayambe, kuti mavoti aponyedwe mwachinsinsi. Timapepala todula m'kope ndi chidebe chimodzi n'zokwanira, ndipo amene satha kulemba angathe kuchonga chizindikiro. Palibenso choletsa kupempha kuti komiti yakale iwerenge lipoti la chuma kaye, mafunso ayankhidwe, kenaka mayina atchulidwe. Malipoti owerengedwa chisankho chitatha, anthu atayamba kubalalika, sathandiza aliyense. Ndipo ngati tsiku laikidwa pa tsiku la msika kapena m'mawa anthu ali kumunda, pitani kwa ahedi ndi a mfumu nthawi ilipo mukapemphe lina. Funsaninso a PEA kuti malamulo akuti komiti ikhale zaka zingati, ndipo imene ilipoyi idalowa liti. Yankho lake m'malo ena lidzakudabwitsani.

Pali msampha wina umene umaoneka ngati ulemu. Anthu amakonda kunena kuti msungichuma akhale mayi chifukwa amayi saba. Mayiyo amasankhidwa, anthu amaomba m'manja. Patapita miyezi, wina amabwera kunyumba kwake madzulo ndi chikalata chotapira ndalama chosalembedwa, n'kumuuza kuti asayine msanga poti mawa m'mamawa akupita kuboma kukagula zinthu. Mayiyo amasayina chifukwa cha ulemu. Tsiku limene ofufuza za chuma adzabwere, dzina limene lili papepala ndi lake. Choncho amene mukuvomera udindo umenewu, vomerani mukudziwa kuti simudzasayina chikalata chotapira ndalama chopanda dzina la wolandira ndi chiwerengero cha ndalama, kaya wabwera nacho ndani. Ngati kuwerenga kumakuvutani, pemphani kuti mwana wanu wa kusekondale kapena mnzanu wa m'bungwe akuwerengereni musanagwire cholembera. Ndipo musalole kuti udindo wa amayi uthere pa kusunga chuma. Mayi amene amayendetsa banki m'khonde ya anthu 25, chaka n'kutha popanda tambala yosowa, angathe kukhala wapampando.

Kukonzekera kwa bungwe

Mwayi umene Amayi a Chikatolika muli nawo ndi wakuti mumakumana kale. Simufunika kuitanitsa msonkhano wachilendo. Pa mkumano wa bungwe kapena wa Mphakati, patulani mphindi zochepa kuti mudziwitsane tsiku la chisankho, mugawane mafunso, wina wa ndalama, wina wa zimbudzi ndi madzi, wina wa kujomba kwa aphunzitsi, kuti asadzakhale mayi mmodzi yekha woimirira amene mawa adzatchedwe wamwano. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kambiranani za anthu amene angaime, ndipo mukawapemphe nokha kunyumba kwawo. Anthu abwino ambiri sadziperekera okha.

Posankhapo musayang'ane amene amalankhula mokweza pa misonkhano. Yang'anani amene mwana kapena mdzukulu wake amaphunzira pasukulu pomwepo, osati amene ana ake ali kusukulu yolipira kutauni. Yang'anani amene sagulitsa simenti, matabwa kapena mchenga, chifukwa n'kovuta kuti munthu akhale wogula ndi wogulitsa nthawi imodzi. Yang'anani amene angathe kulankhula ndi ahedi mwaulemu koma osawaopa.

Chenjezo limodzi: sukulu ndi ya mudzi wonse. Ngakhale imene idamangidwa ndi mishoni ndipo ili ndi dzina la woyera mtima, m'makalasi mwake muli ana a CCAP, a Chisilamu, a Seventh Day ndi a makolo osapemphera. Mukapita ndi mndandanda wa Akatolika okhaokha, ena nawo adzabwera ndi wawo, ndipo nkhani ya zimbudzi idzayiwalika. Kambiranani ndi amayi a Mvano, a Dorika ndi amayi a kumzikiti. Nawonso amatunga pa mjigo womwewo. Nsalu za zipani nazo zitsale kunyumba tsiku limenelo.

Pa sukulu zimene mwini wake ndi Mpingo pali khomo lina logogoda. Parishi imakhala ndi mawu pa kayendetsedwe ka sukulu zotere, ndipo ku dayosizi kuli ofesi yoona za maphunziro. Bambo Mfumu sangadziwe zimene zikuchitika pa sukulu ya ku nthambi yakutali ngati palibe wowauza. Alembereni kalata yaifupi, yotchula zinthu zimene mwaona ndi maso, osati zimene mwamva.

Mukapeza kuti ndalama zidasowadi, njira yake ndi a PEA, kenaka ofesi ya zamaphunziro ku khonsolo, ndipo ngati pali umboni wa kuba, kupolisi kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho kupempha kuona mapepala a ndalama za sukulu si chipongwe. Zotseka ofesi ndi minga kapena kuthamangitsa ahedi ndi miyala zimangotayitsa ana masiku ophunzira, ndipo kawirikawiri amene amakagona m'chitolokosi amakhala makolo, wakubayo ali kunyumba.

Chisankho chikatha musabalalike msanga. Komiti yakale ipereke kwa yatsopano, pamaso pa makolo, a mfumu ndi a PEA ngati alipo, buku la ndalama, malisiti ndi chikalata chomaliza cha kubanki. Katundu wa m'sitolo ya sukulu awerengedwe tsiku lomwelo, matumba a simenti, malata, makasu, miphika ya phala, ndipo onse awiri asayine. Mayina a osayina kubanki asinthidwe sabata yomweyo, chifukwa mpaka atasinthidwa, anthu amene mwawachotsa aja akhoza kutapabe ndalama. Musananyamuke, mlembi watsopano alengeze tsiku la msonkhano woyamba wa makolo, ndipo lilembedwe pa bolodi ya zolengeza ya panja pa ofesi, pambali pa chiwerengero cha ndalama zimene zatsala ku akaunti.